Ulendo wa pagalimoto ku Alentejo ndi Andalusia: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu ofuna kubwereka galimoto n'kuzungulira mizinda yakale ndi midzi ya kummwera kwa Portugal ndi Spain. Ena amafunsa ali ku Malawi, ena ali ku Joni, ena ali ku Britain komwe ndege yopita kumeneko ndi ya maola atatu okha.

Malo amenewa ali kuti, ndipo kuli chiyani choti munthu n'kuonongerapo ndalama?

Alentejo ndi chigawo chachikulu cha Portugal chomwe chili kummawa ndi kummwera kwa Lisbon. Kuli anthu ochepa, minda ya tirigu ndi mphesa, nkhalango za mitengo yotalikirana, ndi timizinda tokhala pamwamba pa mapiri tozunguliridwa ndi malinga. Andalusia ndi chigawo cha kummwera kwenikweni kwa Spain, komwe kuli Seville, Córdoba, Granada ndi Ronda. Zigawo ziwirizi zinachita malire.

Chokopa chake n'chakuti mbiri ya kumeneko mumaiona ndi maso. Aroma anamanga akachisi ndi milatho. Asilamu ochokera kumpoto kwa Africa anawoloka nyanja mu 711 ndipo mbali zina analamulira mpaka 1492. Mafumu achikhristu atalanda mizindayo sanagwetse zonse, zambiri anangomanga pamwamba pake. Khoma limodzi likhoza kukhala ndi miyala ya mibadwo itatu yonseyi.

Njira yabwino ndi iti?

Yozungulira, yoyambira ndi kuthera mzinda umodzi. Chifukwa chake chili pa funso la kubwereka galimoto. Nayi yomwe timaikonda: kuchoka ku Lisbon kupita ku Évora (makilomita pafupifupi 130), kenako Monsaraz (50), kuwoloka malire kudzera ku Mourão, Jerez de los Caballeros ndi Zafra mpaka Seville, womwe ndi ulendo wa maola atatu kapena kuposerapo. Kuchoka apo ndi Córdoba (140), Granada (200), Ronda (180), n'kubwereranso kufupi ndi Seville. Pobwerera ku Lisbon mumadzera ku Huelva, kuwoloka mtsinje wa Guadiana pa mlatho wa ku Ayamonte, kupumira ku Tavira, n'kulunjika kumpoto. Zonse pamodzi zimapitirira pang'ono makilomita 1,500.

Amene akuchokera ku Britain akhoza kutera ku Seville, Málaga kapena Faro n'kuyambira pomwepo.

Pamafunika masiku angati?

Masabata awiri. Masiku khumi amathekanso ngati mwachotsapo mzinda umodzi. Wokhala ndi sabata imodzi asankhe chigawo chimodzi, asalimbane ndi zonse ziwiri.

Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kugona mzinda watsopano usiku uliwonse. Pamapu mitunda imaoneka yaifupi ndipo misewu ndi yabwinodi, koma tsiku limathera pa kulongedza zikwama, kufunafuna poimika galimoto ndi kudikira kiyi wa chipinda. Gonani usiku uwiri pamalo alionse aakulu.

Nyengo yabwino yopitira ndi iti?

Epulo mpaka kumayambiriro kwa Juni, kapena kumapeto kwa Seputembala ndi Okutobala. Mu Julayi ndi Ogasiti chigwa cha mtsinje wa Guadalquivir, momwe muli Seville ndi Córdoba, chimatentha kupitirira madigiri 40. Mu Ogasiti 2021 ku La Rambla, kufupi ndi Córdoba, kunafika 47.6. Musanene kuti ndife a ku Africa, dzuwa tinalizolowera. Eni akewo masana amatseka masitolo n'kubisala m'nyumba, ndipo sachita zimenezo chifukwa cha ulesi.

Epulo ndi Meyi ndi okongola, kuthengo kuli maluwa, koma ndi nthawinso ya zikondwerero. Sabata ya Pasaka ku Seville, komanso Feria de Abril yomwe imatsatira, zimakweza mitengo ya malo ogona modetsa nkhawa. Kumayambiriro kwa Meyi ku Córdoba anthu amatsekulira alendo mabwalo a mkati mwa nyumba zawo, makoma ali yangayanga ndi miphika ya maluwa. Ngati mukufuna kuona zimenezi, pezerani malo ogona miyezi ingapo pasadakhale.

Nanga viza?

Wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza ya Schengen. Imodzi yomweyo imagwira ntchito m'maiko onse awiri, ndipo imalola kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse. Kukhala ku Britain sikuchotsa lamuloli: ngati pasipoti yanu ndi ya kwathu, viza mufunika ndithu. Wa pasipoti ya Britain safunika viza pa ulendo waufupi.

Viza mumapempha ku dziko lomwe mukakhale masiku ambiri, osati lomwe mukatere. Pa njira tafotokozayi ndi Spain, ngakhale ndege yanu ikatere ku Lisbon. Munthu wamkulu amalipira mayuro 90 kuyambira mu Juni 2024, kuphatikizapo zomwe ofesi yolandira mafomu ingalipiritse. Amafuna inshulansi ya zaumoyo yosachepera mayuro 30,000, umboni wa ndege ndi malo ogona, masitetimenti a kubanki, ndi pasipoti yomwe idzakhale ikugwirabe ntchito miyezi itatu mutabwerako. Mukhoza kupempha kudakali miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndi bwino kutero. Tsamba la ofesi ya kazembe limanena komwe anthu a dziko lomwe mukukhala amakapereka mafomu.

Laisensi yanga ya kwathu ikagwira ntchito?

Tengani ziwiri: laisensi yanu yeniyeni ndi chiphaso choyendetsera galimoto kunja, chomwe amachitcha International Driving Permit. Chiphasochi chimatengedwa m'dziko lomwe linakupatsani laisensi, musananyamuke, ndipo pachokha sichigwira ntchito. Kampani yobwereketsa ikhoza osachifunsa, koma wapolisi wa pamsewu ku Spain akhoza kuchifuna.

Kuyendetsa kumanja n'kovuta bwanji?

Tsiku loyamba ndi la thukuta, lachitatu mumakhala mwazolowera. Chiwongolero chili kumanzere, magiya mumasintha ndi dzanja lamanja, koma mapedulo ali m'malo omwewo. Pa raundabauti mumalowera kumanja ndipo mumapatsa mpata galimoto zochokera kumanzere kwanu.

Pamsewu waukulu sipavuta chifukwa mumangotsata anzanu. Poopsa ndi pamsewu wa kumudzi wopanda galimoto, makamaka mmawa kapena potuluka pothirira mafuta, pomwe manja amangokutengerani kumanzere mwachizolowezi. Wokhala pampando wa pambali akhale wokumbutsa, ndipo woyendetsa asapse mtima akakumbutsidwa.

Liwiro ndi makilomita 120 pa ola m'misewu ikuluikulu, 90 m'misewu wamba, 50 m'tauni. Ku Spain misewu yambiri ya m'tauni ndi 30 kuyambira mu 2021. Makamera alipo ambiri. Muyezo wa mowa ndi magalamu 0.5 pa lita ya magazi, choncho woyendetsa vinyo amusiye mpaka madzulo. Munthu akangoponda pa mizere yowolokera, imani.

Tisamale ndi chiyani pobwereka galimoto?

Tengani yaing'ono kwambiri yomwe anthu ndi zikwama zingakwanemo. Galimoto yaikulu m'tinjira ta m'mizinda yakale ndi chilango.

Zambiri ndi zamanyuwo. Ya otomatiki imakwera mtengo ndipo imafunika kuitanitsiratu, koma kwa munthu woyamba kuyendetsa kumanja ndi ndalama yopita pabwino. Makampani ambiri amafuna kirediti kadi ya dzina la woyendetsa yoti atsekerepo ndalama ya chikole, ndipo chikolecho chikhoza kupitirira mayuro 1,000 ngati simunatenge inshulansi yonse. Funsani banki yanu malire a ndalama yomwe kadi ingatulutse kunja, kuti musakachite manyazi pa kauntala. Wosafika zaka 25 amalipira zoonjezera.

Auzeni kuti mukawoloka malire, chifukwa ena amalipiritsa ndipo kubisa kukhoza kupha inshulansi. Kutenga galimoto ku Portugal n'kukaisiya ku Spain kumadula kwambiri, n'chifukwa chake tinati muzungulire. Sankhani mgwirizano wotenga thanki yodzaza n'kubweza yodzaza. Musanachoke jambulani galimoto mbali zonse, ndi marimu omwe. Pampu yolembedwa kuti gasóleo ndi ya dizilo, petulo ndi gasolina. Mawu awiriwa asokoneza anthu ambiri.

Kuli matolugeti?

Ku Portugal alipo: msewu wa A6 wopita ku Évora ndi wa A2 wochokera ku Algarve, chigawo cha kummwera kwenikweni kwa Portugal komwe kuli Tavira, ndi yolipira. Wa A22, wodutsa mu Algarve, anauchotsera malipiro mu Januwale 2025. Pemphani galimoto yokhala ndi kachipangizo ka Via Verde, kuti muzingodutsa ndalama n'kumachotsedwa pa kadi. Wopanda kachipangizoka asalowe mpata wobiriwira. Ku Andalusia misewu ya pa njira yathuyi, monga A-4 ndi A-92, ndi yaulere. Yolipira ili cha ku Málaga.

Pamalire palibe choimitsa nthawi zambiri, chikwangwani chokha. Koma pasipoti ikhale pafupi, ndipo kumbukirani kuti Spain ili patsogolo ndi ola limodzi. M'chilimwe cha kumeneko nthawi ya ku Spain imafanana ndi ya ku Malawi.

Bwanji osangokwera sitima?

Ngati cholinga chanu ndi Seville, Córdoba ndi Granada basi, kwerani sitima, galimoto isiyeni. Sitima yothamanga imayenda pakati pa Seville ndi Córdoba mphindi pafupifupi 45 n'kukutsitsani mumzinda momwemo. Galimoto ndi ya kumidzi: Monsaraz, mapiri a Grazalema, minda ya azitona, kanyumba kodyera ka m'mbali mwa msewu komwe kwaima malole. M'mizinda ikuluikulu imasanduka katundu woti muzimulipirira pogona.

Ndiye m'mizinda yakaleyo galimoto tikaimika pati?

Kunja kwa malinga, kapena m'malo olipira a pansi pa nthaka, n'kulowa wapansi. Ku Évora kuli mabwalo aakulu oimikapo kunja kwa khoma, ndipo ku Monsaraz n'chimodzimodzi. Tinjira ta mkatimo anatimangira abulu. Mapu a pafoni sadziwa zimenezi, akhoza kukulowetsani m'dera lakale la Albaicín ku Granada kapena ku Arcos de la Frontera mpaka magalasi a m'mbali kukhudza makoma, kumbuyo kuli mzere wa galimoto.

Mkati mwenimweni mwa mzinda wa Granada, komanso wa Córdoba, misewu yambiri ndi ya eni dera, mabasi ndi mataksi okha, ndipo makamera amajambula nambala. Chindapusa chimakupezani muli kwanu kale, kampani yobwereketsa itaonjezapo zake. Ngati hotela yanu ili m'dera lotere, aimbireni akuuzeni polowera ndipo alembetse nambala ya galimoto. Mizere ya buluu pamsewu ndi poimika polipira, yachikasu ndi poletsedwa.

Ku Évora ndi ku Alentejo tikaone chiyani?

Évora ili pa mndandanda wa UNESCO wa malo a mbiri ofunika kutetezedwa kuyambira mu 1986. Pamwamba pa mzinda pali zipilala za kachisi wa Aroma wa zaka pafupifupi 2,000. Ngalande ya madzi ya m'zaka za m'ma 1530 imalowa mumzinda pa zipilala zokhota, ndipo pomwe yatsika anthu anamangamo tinyumba ndi timasitolo. Palinso Capela dos Ossos, kachipinda kopemphereramo komwe makoma ake anakutidwa ndi mafupa ndi zigaza za anthu pafupifupi 5,000. Ansembe anakamanga kuti kakumbutse amoyo za imfa. Kwa ife amene manda timawalemekeza patali, si malo a aliyense, ndipo wosafuna kulowa asakakamizidwe.

Kumadzulo kwa mzindawu, pamsewu wafumbi, kuli Almendres, miyala ikuluikulu pafupifupi 95 yoimikidwa mozungulira, yakale kuposa ija yotchuka ya Stonehenge ku England. Monsaraz ndi kamudzi ka misewu yochepa pamsana pa phiri, koyang'anizana ndi nyanja ya Alqueva yomwe inapangidwa atatseka mtsinje wa Guadiana mu 2002. Masana kumadzaza alendo, koma akachoka mabasi kumakhala zii. Gonani komweko.

Mitengo yosendedwa makungwa, yolembedwa manambala, ndi yachiyani?

Khungwa lake ndi lomwe amapangira zotsekera mabotolo a vinyo, ndipo Portugal imatulutsa pafupifupi theka la zonse padziko lapansi. Mtengo amayamba kuusenda uli ndi zaka pafupifupi 25, kenako pakapita zaka zisanu ndi zinayi zilizonse. Amasenda ndi nkhwangwa, pamanja, m'miyezi yotentha, mosamala kuti asavulaze mkati. Thunthu longosendedwa kumene limakhala lofiira ngati katondo, kenako limada. Nambala yopentedwa ndi yomaliza ya chaka chomwe anausenda, kuti mwini adziwe nthawi yobwererako. Pansi pa mitengo ya mtundu umenewu pamadya nkhosa, ng'ombe ndi nkhumba zakuda zomwe nyama yake ndi yodula kwambiri.

Mukawoloka kupita ku Córdoba ndi Granada, mitengo imasintha kukhala ya azitona, mizeremizere mpaka komwe maso alekeza. Spain ndi imene imatsogola padziko lonse pa mafuta a azitona, ndipo chimake ndi dera la Jaén. Wokhala ndi tsiku lapadera apatukire ku Úbeda ndi Baeza, mizinda yakale ya m'dera limenelo.

Nyumba yakale yotchuka ya ku Córdoba ija ndi mzikiti kapena tchalitchi?

Lero ndi tchalitchi cha Katolika, ndipo misa imachitika. Koma nyumbayo anayamba kuimanga ngati mzikiti cha m'ma 785, pa ulamuliro wa Abd al-Rahman I, ndipo olowa m'malo mwake anaikulitsa kangapo. Mfumu Ferdinand III italanda mzindawu mu 1236 anaisandutsa tchalitchi osaigwetsa. Mu 1523 anayamba kumanga tchalitchi china chachitali pakatikati penipeni pa mzikitiwo. Mukalowa mumayenda pakati pa nsanamira zopitirira 850 zonyamula makhonde okhota a mizere yofiira ndi yoyera, kuli kamdima, kenako mwadzidzidzi mwatulukira paguwa lowala. Ena amati anaononga, ena amati tchalitchicho n'chimene chinapulumutsa nyumba yonse. Onse ali ndi mfundo. Asilamu amalandiridwa ngati alendo koma saloledwa kuswaliramo.

Makilomita 8 kumadzulo kuli mabwinja a Medina Azahara, mzinda wachifumu womwe Abd al-Rahman III anamanga m'zaka za m'ma 900 n'kuphwasulidwa usanathe zaka 100. Apa galimoto imathandiza.

N'zoona kuti matikiti a Alhambra, linga ndi nyumba zachifumu za ku Granada, amatha?

N'zoona, ndipo nthawi zina kudakali masabata angapo. Gulani pa tsamba lenileni la Alhambra mukangodziwa masiku anu, n'kukonza ulendo wonse motsata tikitiyo. Imalembedwa dzina ndi nambala ya pasipoti, choncho pasipotiyo muitenge. Ola lolembedwapo ndi lolowera m'nyumba zachifumu za mafumu achisilamu a banja la Nasrid, ndipo mukachedwa sakulolani. Minda ya Generalife ndi linga mukhoza kuziona nthawi ina ya tsikulo.

Apa ndi pomwe ufumu womaliza wa Asilamu unathera, pomwe mfumu yawo Boabdil anapereka mzinda wa Granada kwa Ferdinand ndi Isabella pa 2 Januwale 1492. Madzulo kwerani wapansi pamalo oonera a Mirador de San Nicolás mukaone Alhambra yonse, kumbuyo kwake kuli mapiri a Sierra Nevada. Nsonga yake, Mulhacén, ndi ya mamita 3,479, kuposa Sapitwa wa ku Mulanje, ndipo mu Meyi imakhala idakali ndi chipale chofewa.

Nanga Seville ndi Ronda?

Seville imafuna masiku awiri athunthu, galimoto ili poimika. Nsanja ya Giralda inali ya mzikiti wa m'zaka za m'ma 1100, ndipo mumakwera pa njira yotsetsereka, osati masitepe. M'tchalitchi chachikulu muli manda a Christopher Columbus. Kuyambira mu 1503 malonda a Spain ndi America ankadzera mumzinda uno, ndipo zombo za Magellan zinanyamukira pano mu 1519. Malalanje odzaza m'misewu ndi owawa, musavutike kuthyola.

Ronda inagawidwa pakati ndi chigwembe chozama mamita opitirira 100, ndipo mbali ziwirizo zinalumikizidwa ndi mlatho wa Puente Nuevo womwe unatha mu 1793. Tsikirani kanjira ka pansi mukauone kuchokera m'munsi. Mozungulira Ronda muli midzi yoyera yopakidwa laimu: Setenil de las Bodegas, komwe nyumba zina denga lake ndi thanthwe, Grazalema, ndi Zahara de la Sierra. Msewu wa pakati pa iwiri yomalizayi ndi wokhotakhota, wokwera phiri. Ndi wokongola kuposa yonse pa ulendowu, koma osati usiku kapena kuli nkhungu.

Tizikadya chiyani? Ena sitidya nkhumba.

Nsima kulibe, buledi ndiye ali paliponse. Ku Spain nkhomaliro ndi cha m'ma 2 koloko, chamadzulo cha m'ma 9. Wofika 6 koloko ndi njala amapeza khitchini yotseka. Ku Portugal amadya msangako. Chotsika mtengo ndi chakudya cha tsikulo, menú del día ku Spain, prato do dia ku Portugal. Ku Portugal buledi, tchizi ndi azitona zomwe amabweretsa musanaitanitse si zaulere, mukadya mulipira. Ku Granada mabala ambiri amapereka kambale ka chakudya kwaulere mukagula chakumwa.

Osadya nkhumba afunse nthawi zonse, chifukwa imabisala. Salmorejo wa ku Córdoba, msuzi wozizira wa tomato ndi buledi, amawazapo tizidutswa ta nyama ya nkhumba pamwamba, ndipo migas wa ku Alentejo, chakudya cha buledi, amaphikira mafuta ake. Mawu oti muwadziwe ndi cerdo ndi jamón ku Spain, porco ndi presunto ku Portugal. Nsomba, nkhuku ndi nyama ya nkhosa zilipo zambiri. Ku Granada ndi ku Córdoba kuli malo odyera a halaal.

Pofuna kusunga ndalama, gulani za mmawa ndi za panjira m'masitolo monga Mercadona, Pingo Doce kapena Lidl. Lamulungu masitolo aakulu ambiri ku Spain amakhala otseka.

Chingerezi amamva? Nanga munthu wakuda amamulandira bwanji?

M'mahotela ndi m'malo a alendo amamva, ku Portugal kuposa ku Spain. Kumidzi n'kochepa, koma moni wa m'chilankhulo chawo ndi foni yomasulira zimakwana. Abale a ku Tete ndi ku Angónia odziwa Chipwitikizi ali pabwino, ndipo zikwangwani za ku Spain adzaziwerenga mosavuta.

Ku Lisbon kuli anthu ambiri ochokera ku Angola, Cabo Verde, Guinea-Bissau ndi Mozambique, palibe amene angakucheukireni. M'timidzi ta okalamba mukhoza kuyang'anitsitsidwa, kawirikawiri mwachidwi chabe. Tsankho lilipo ngati kwina kulikonse ku Ulaya, ndipo apolisi amaloledwa kufunsa zitupa. Yendani ndi pasipoti, ndipo pa bwalo la ndege khalani ndi mapepala a malo ogona ndi tikiti yobwerera m'manja.

Malo ogona abwino ndi otani?

Kumidzi funani nyumba za alendo za pafamu, casa rural ku Spain, turismo rural ku Portugal. Zimakhala ndi poimika galimoto paulere ndipo zina zili ndi khitchini. M'mizinda funsani za poimika musanalipire. Ngati mukufuna kudzisangalatsa usiku umodzi, kuli mahotela a m'nyumba zakale za ansembe ndi m'malinga, otchedwa parador ku Spain ndi pousada ku Portugal. Wa ku Granada ali mkati mwa mpanda wa Alhambra, wa ku Ronda ali m'mphepete mwa phompho pafupi ndi mlatho.

Zikativuta panjira titani?

Nambala ya ngozi ndi 112 m'maiko onse awiri. Galimoto ikafa, valani jekete yonyezimira musanatuluke, chokani pamsewu, imbani nambala yomwe ili pa pepala la kampani. Musaipereke kwa makaniko mwa inu nokha.

Vuto lofala ndi kuswa magalasi a galimoto za alendo, makamaka pamalo oonera zinthu pa tsiku lomwe mukusamuka ndi zikwama zonse. Pampando pasakhale kanthu, ngakhale jekete, ndipo musatsekule buti pamalo pomwe mukuisiya. Pasipoti, ndalama ndi mankhwala zikhale pathupi. Zikabedwa, pitani ku polisi mukatenge lipoti tsiku lomwelo, chifukwa a inshulansi ndi a ofesi ya kazembe adzalifuna.